Tsiku limene ndinayang'ana Mayi Marleen m'maso

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai ndinaipeza chifukwa cha sipika ya kutchalitchi. Nthawi imeneyo ndinkagona pabalaza kwa achemwali Esinati, namwino wa kwathu ku Ntcheu amene ankagwira ntchito pa kiliniki ina ku Oud Metha. Ndinabwera ndi pepala langa la zamagetsi, koma masiku ondilola kukhala m'dzikomo anali akutha ntchito isakuoneka. Tsiku lina mapemphero ali mkati, sipika inayamba kulira mosokosa, azibambo onse n'kumangoyang'anana. Ine ndinanyamuka, ndinaitembenuza kuti isayang'anane ndi mayikolofoni, phokoso n'kutha. Potuluka, bambo wina wa ku Zambia, a Tembo, anandifunsa dzina, ndinati ndine Tadala. Anandifunsanso ngati ndimatha kukulunga zingwe. Ndinati ndimatha, poti ndani satha kukulunga chingwe?

A Tembo anali kapitawo pa kampani ina ku Al Quoz yobwereketsa zipangizo za zokuzira mawu kumaukwati, kumisonkhano ndi kumadansi. Anandilemba moyeserera kaye. Ndikachita bwino andikonzera viza, ndikalephera ndibwerera kwathu ndi chikwama changa. Tsiku loyamba ndinatenga chingwe cha mayikolofoni n'kuyamba kuchizunguliza pachigongono monga timachitira ndi chingwe choyanikira zovala. A Tembo anangogwira m'chiuno.

"Sisi, iyo si washing line," anatero. "Uzanipaila ma cable onse." Ankatanthauza kuti ndiwawonongera zingwe zonse.

Anandionetsa kakulungidwe kake. Mkombero woyamba umapita chakutsogolo, wachiwiri umaupotoza chobwezera, choncho mpaka chingwe chithe, kuti ukachiponya chitambasuke chokha popanda mfundo. Ndinakulunga zingwe m'nyumba yosungira katundu ija mpaka zala zinachita zikang'a. Kenako anandiphunzitsa kumata zingwe pansi ndi tepi yakuda kuti anthu asapunthwe, kuika mabatire atsopano chionetsero chilichonse chisanayambe ngakhale akale akuoneka amoyo, ndi kupukuta mayikolofoni ndi sipiriti. Ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandipatsa ntchito yoveka oimba zipangizo.

Ntchito imeneyi ambiri saidziwa. Woimba akakhala pasiteji samva nyimbo monga mmene amamvera anthu oonerera, chifukwa masipika akuluakulu amayang'ana kwa anthu. Ndiye amavala tizomvera ta m'makutu, tolumikizidwa ndi kachingwe ku kabokosi ka wayilesi kamene timakamangirira kumsana, mkati mwa chovala. Ife timakatcha paki. M'menemo woimba amamva mawu ake, nyimbo, ndi kugunda kwa tiki-tiki komuuza liwiro. Ntchito yanga inali kuika paki m'kathumba ka pulasitiki koteteza thukuta, kuimangirira, kumata kachingwe pakhosi ndi tepi, n'kuima pambali pa siteji nditavala paki yanga yomva zomwezo zimene woimba akumva.

Masiku anga oyeserera atatsala pang'ono kutha, tinalandira ntchito pa hotela ina ku Dubai Marina. Anthu a ku Holland okhala kuno ali ndi tsiku lawo limene amavala zovala za mtundu wa malalanje kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo chaka chimenecho anaitanitsa woimba wa kwawo, Mayi Marleen. Ine ndinali ndisanamvepo dzinalo, koma mzungu wokonza mwambowo ankalitchula atagwira pamtima. Anatifotokozera kuti mayiwa anayamba kuimba ali mtsikana m'kamalo komwera khofi ka bambo awo, m'tauni ya asodzi. Asanakwatiwe n'komwe anatulutsa nyimbo imodzi yachikondi imene inagwedeza dziko lonse, moti ankaoneka pa kanema sabata ndi sabata. Nyimbo zotsatira sizinafikepo. Anaimba m'sitima zapamadzi, m'maukwati, m'maphwando a makampani, ndipo tsopano tsitsi litachita imvi ankayendera anthu a kwawo okhala kunja, amene ankafuna nyimbo imodzi yomwe ija kuti akumbukire kwawo.

Tinakumana nawo tsiku loyeserera. Anali mayi wamtali, wa msinkhu wa mayi anga, wolankhula mosapsatira mawu. Analibe gulu loimba, nyimbo zawo zinali pa laputopu. Anakana masipika apansi oyang'ana kwa woimba, amvekere sawathandiza kanthu. Anauza a Tembo kuti zonse azitumize kukhutu lamanzere ndipo akweze kwambiri. A Tembo anakweza, iwo n'kumati onjezerani, mpaka ine ndinatsitsa paki yanga kuopa kuboola khutu.

Tsono ine ndinaleredwa ndi mayi a Chingoni. Kwathu mwana wamkazi akamalankhula ndi wamkulu amagwada kapena kupinda maondo, amazolika, mawu n'kutsitsa. Kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, ndipo ndinadyapo makofi chifukwa cha zimenezi ndili wamng'ono. Ndiye Mayi Marleen akandifunsa kanthu, ndinkayankha mwaulemu wonse, maso ali pa nsapato zawo. Anandifunsa ngati batire ndi latsopano, ndinayankha. Anafunsanso, ndinayankhanso, ndikuzolika koposa poganiza kuti ndawalakwira. Kachitatu anangotembenuka n'kupita kwa a Tembo, ndipo sananong'one.

"Mtsikana uyu sandiyankha. Kaya ndi wamwano kaya sadziwa ntchito, koma sindingaime pasiteji ndi munthu wotere kumbuyo kwanga."

Mumtima munandiwawa kwambiri, chifukwa mwano ndi chinthu chimene ndinali ndisananenedwepo chibadwire. A Tembo anawapepesa n'kuwauza kuti anyamata onse ali ku ntchito ina, wotsala ndine ndekha. Tili m'galimoto kubwerera ku Al Quoz sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa.

"Manje ine niziba uli na ulemu," anatero, "but client akakamba so kuli ba manager, khalas. Mailo ukalakwisa, sinizakwanisa kukuvikilila." Ndinamva kuti mayiwo akakadandaula kwa abwana basi zatha, ndipo ndikalakwitsa mawa lake a Tembo sadzatha kunditeteza.

Kunyumba achemwali Esinati anandipeza ndikuyang'ana chikwama changa pakona. Anandiuza kuti ndisiye kulongedza ndi maso, ndidye kaye.

Tsiku la chionetsero kunatentha kuyambira m'mawa. Siteji inali panja, pafupi ndi madzi, itazunguliridwa ndi nyumba zitalizitali zagalasi, ndipo chionetsero chinali cha masana. Ndinalowa m'chipinda chovalira ndi paki, tepi ndi mabatire. Mayi Marleen anakhala pagalasi akudzola, atandipatsa msana. Ndinamangirira paki, ndinamata kachingwe, kenako ndinanena kuti ndamaliza. Sanayankhe. Ndinabwereza, osayankhabe. Ndinadzutsa mutu kuti ndione ngati akwiya, ndipo ndinanenanso kachitatu nkhope yanga ikuoneka pagalasi. Pomwepo anati zikomo. Maso awo sanali pa maso anga, anali pa milomo yanga.

Ndinatuluka m'chipindamo mutu ukuzungulira. Khutu lamanzere lokha, kukweza kuja, kukana masipika apansi, zonse zinagwirizana. Mayiwa sankamva bwino, ankawerenga milomo. Dzulo lonse ine ndinkayankha nsapato zawo, iwo n'kumaona pamutu panga pokha. Sindinauze munthu, poti sinali nkhani yanga, komanso nthawi inali itatha.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Mawu anali nawobe, okhuthala, ndipo ankavina ngati dzuwa la kuno ndi la kwawo. Chovala chawo chinanyoweratu kumsana. Kenako inafika nyimbo ija, anthu onse ovala za mtundu wa malalanje aja anaimirira n'kukolekana mikono. Ndime yoyamba ili pakati, ndinaona Mayi Marleen akugwira khutu ndi chala, n'kuyamba kutsalira m'mbuyo mwa nyimbo. Paki yanga inkamveka bwinobwino, choncho ndinadziwa kuti yafa ndi yawo. Thukuta linali litatsetsereka ndi kachingwe mpaka kulowa pabowo polumikizira, pamene kathumba sikaphimba.

Munthu wakumva bwino akanavula kachomverako n'kutsatira masipika akuluakulu. Iwo anakavula, koma chimene khutu lawo linatola ndi mawu obwerera kuchokera ku nyumba zagalasi zija, amene amafika mochedwa. Anayamba kutsatira amenewo. Gulu loimba likanawadikira, koma laputopu sidikira munthu. Anthu akutsogolo anayamba kuyang'anana, ndipo pankhope ya mayi aja ndinaona mantha enieni. Nyimbo imene inawadyetsa moyo wawo wonse inkawathawa pamaso pa anthu a kwawo.

"Tadala, pack yafa, chinja, yalla," anatero a Tembo pa wayilesi yathu, kundifulumizitsa.

Paki ina ndinali nayo m'thumba, koma sungakwere pasiteji n'kukweza chovala cha mayi wamkulu nyimbo ili mkati. Ndinathamanga chowerama kuzungulira siteji mpaka kutsogolo, pakati penipeni, pamene mlonda amaima. Kwathu ndinkaimbitsa kwaya ya achinyamata, ndipo kugunda kwa tiki-tiki kunali m'khutu mwanga. Ndinakweza dzanja n'kuyamba kumenya liwiro, pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba. Sanandione, chifukwa maso awo ankasakasaka kumbali kumene ndimayenera kukhala. Ndinavula chipewa changa chakuda n'kuchigwedeza. Atatembenuka, ndinadzutsa nkhope yonse n'kuwayang'ana m'maso, mwano umene mayi anga sakanaulekerera.

Khosi langa linkafuna kuzolika lokha, ndinachita kulilimbitsa. Mawu a Chidatchi, chilankhulo cha kwawo, sindinkawadziwa, koma ndinali nditamva nyimboyo poyeserera mokwanira kudziwa polowera. Ndinawawerengera ndi milomo, n'kutsitsa dzanja mwamphamvu poyambira kolasi. Analowa pamalo pake. Anthu anaimba nawo, ena akulira, ndipo iwo anaimba nyimbo yonse yotsalayo maso ali pa ine, akumwetulira ngati akumwetulira anthu. Itatha anauza anthu kuti akukamwa madzi, anabwera kuseri kwa nsalu, ine n'kusintha paki. Chionetsero chinatha popanda vuto lina.

Ndikuwamasula zipangizo m'chipinda chovalira, anandigwira mkono n'kundiimika patsogolo pawo.

"Kani maso uli nawo. Nanga dzulo unkawabisiranji?"

Ndinawafotokozera za kwathu, ndikuwayang'ana, kuti kuzolika kuja ndinkawapatsa ulemu wa mayi. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati kwawo munthu woyang'ana pansi amakhala akubisa kanthu, ndipo kwa iwo amakhala ngati sanalankhule n'komwe. Anandiuza kuti khutu lamanja linafa pang'onopang'ono chifukwa cha zaka zoima pafupi ndi ng'oma, lamanzere nalo linkatsatira, ndipo ankaopa kuti oitana akadziwa asiya kuwaitana. Panopa anapuma pa zoimba ndipo nkhani ya makutu awo anainena okha poyera, n'chifukwa chake ndikuilemba momasuka. Asananyamuke anapita kwa a Tembo kukabweza mawu awo a dzulo, mosanong'ona ngati poyamba paja.

Tikukweza katundu m'galimoto, a Tembo anandiponyera chingwe kuti ndikulunge, n'kunena akuyang'ana kwina kuti Lolemba ndibwere ndi pasipoti akayambe za viza. Ndinakhala pa bokosi la sipika chingwe chili m'manja. Mtima unakhala pansi mwa njira imene sindinaimvepo chifikire m'dziko lino. Nditafika kunyumba ndinakankhira chikwama chija kunsi kwa bedi la achemwali Esinati.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano ndimaphunzitsa ena. Pabowo la paki timamatapo tepi, kachingwe timakapinda kuti thukuta lidonthere pansi lisanafike polumikizira. Koma choyamba chimene ndimauza wophunzira aliyense n'chakuti asalankhule ndi woimba ali kumbuyo kwake. Azungulire, aime patsogolo, aonetse nkhope. Anthu ambiri amene akhalitsa pasiteji makutu awo anatha, ndipo sadzakuuza.

Nditapita kwathu kutchuthi, ndinakaona malume anga, amene akalamba ndithu. Ndinagwada pakhonde monga mwa mwambo, ndinazolika, n'kuwapatsa moni. Anafunsa kuti ndati chiyani. Ndinabwereza, anafunsanso. Mayi anga anali pambali akundiyang'anitsitsa, okonzeka kuona ngati Dubai yandiwononga. Ndinakhalabe chogwada, koma ndinadzutsa nkhope n'kuwayang'ana malume, ndipo ndinanena moni uja pang'onopang'ono. Nkhope yawo inawala, anayankha bwinobwino n'kuyamba kundifunsa za ulendo. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera mayi anati papita nthawi yaitali achimwene awo asanacheze ndi munthu chotero, ndipo aliyense pamudzi ankati ayamba kunyada.