Pikapu ya a Njobvu Itasiya Kugunda

A Lazarus Njobvu a ku Kasenengwa atha zaka khumi ndi zinayi akunyamula anthu ndi nkhuku zawo kupita ku Chipata pa pikapu yokalamba kuposa mwana wawo woyamba. Hutala inafa kalekale, koma panalibe wodandaula. Pulopela, chitsulo chachitali chapansi chozunguza matayala akumbuyo, inkagunda gu! gu! gu! mpaka kumveka kuseri kwa phiri. Amayi a m'midzimo akamva, ankadziwa kuti nthawi yomanga chitenje ndi kutseka pakhomo ikadalipo.

Amene anatopa nalo phokosolo ndi akazi awo, a Tamiwe. "Kutchalitchi akunditcha mkazi wa mwini chigayo choyenda," anatero. "Kakonzetseni, apo ayi ine ndiziyenda pansi."

A Njobvu anapita ku Kapata kwa makaniko Malcolm, amene anagona chagada pansi pa galimotoyo tsiku lonse, namanga pulopela ina. Pobwerera, pikapu inkangoti myaa ngati ya bwana wa boma, eni ake chigongono chili pawindo.

M'mawa mwake anadutsa midzi isanu osapeza ndi munthu mmodzi yemwe pamsewu. Anthu anali m'nyumba, makutu ali tcheru, kudikira gu! gu! gu! Ena mpaka anayamba kufunsana ngati kwa a Njobvu kwagwa zovuta.

Atabwerera kunyumba, anakwawira pansi pa galimoto atatenga waya ndi khasu lakutha, nalimangirira kuti lizigunda pa pulopela yatsopanoyo.

"Mukuwononganso chiyani pansipo?" anafunsa a Tamiwe.

"Ndikukonza zimene wawononga Malcolm."