Ndinawauza Kuti Asakanene

Ndinaganiza zopita ku Joni patatha miyezi inayi chiikireni maliro a amuna anga, a Lyson. Sikuti ndinkalakalaka dziko la eni. Mandasi amene ndinkagulitsa ku Chinsapo sankakwana kulipira lendi ndi sukulu ya mwana wathu Tadala, yemwe anali atangoyamba Fomu 1. Komanso pakhomopo pankandivuta kukhala. Pakhonde panali kampando kamene a Lyson ankakhalapo posamba mapazi akaweruka, ndipo ndinkakalambalala ngati pali munthu.

A Lyson ankagwira ntchito ya nyengo m'nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo. Ntchito ya nyengo ili chonchi: fodya akatha mumabwerera kwanu, ndipo chaka chinacho mumakaima pageti kudikira kuti kapitawo atchule dzina lanu. Akapanda kukutchulani, kulibe kokadandaula. Tsiku lina madzulo, mapazi ali m'beseni, anandiuza kuti mabelo a fodya akuwasanja asanuasanu pa matabwa ofumbwa, ndipo mulu wina wapendekeka.

"Akanamasanja atatuatatu, malo alipo kumbuyo kuja," anatero. "Mawa ndikawauza akapitawo."

Ine ndinkasadzula masamba, sindinawayang'ane n'komwe. "Bambo a Tadala, inu mwasanduka injiniya liti? Mukakanena, chaka chamawa dzina lanu lidzatchulidwa? Musakanene. Eni ake maso ali nawo."

Anaseka, n'kunena kuti ndanena zoona. Patapita milungu itatu mulu uja unawagwera.

Pamaliro anthu ankati nthawi yawo inakwana. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Mawu a pakhonde aja sindinauzeko munthu, ngakhale abusa.

Tadala ndinamusiya ndi mng'ono wanga. Kudepoti ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Iwe uphunzire. Ku Kanengo usadzapondeko phazi. Ndi chifukwa chake ndikupita." Pa ulendo wonse, masiku atatu m'basi, ndinkabwereza mawu omwewo chamumtima kuti ndisalire pamaso pa anthu.

Ku Kepitauni ndinapeza ntchito pamalo ochapira nsalu za m'mahotela. Tinkagona amayi anayi m'kanyumba ka malata, ndipo kuzizira kwake kunkalowa mpaka m'mano. Mwezi ukatha ndinkayamba ndatumiza za fizi ndi chakudya cha Tadala, zotsalazo n'zimene ndinkadya. Lamulungu ndinkamvetsera mauthenga ake a mawu pafoni, uthenga umodzi kasanu, chifukwa mlungu wonse palibe amene ankandilankhula Chichewa. Ndikamamuyankha ndinkati zonse zili bwino.

Kuntchitoko kunali chizolowezi chimene chinandidabwitsa. Lachisanu lililonse, kutatsala pang'ono kuweruka, mayi wotiyang'anira, dzina lake Denisi, ankazimitsa makina n'kutiimika mozungulira. Funso lake linali limodzi: "Mwaona chiyani mlungu uno chimene tingakonze?" Wina ankati ngolo za nsalu zizikhala kumanzere kuti tisamagundane. Wina ankati sopo akutayika chifukwa chitini chotungira n'chachikulu. Denisi ankalemba pabolodi, dzina la wonenayo pambali pake, ndipo Lachisanu linalo ankayamba wafotokoza zimene zachitika ndi zimene zalephereka.

Ine ndinkaona ngati ndi msampha. Ndinkati akufuna adziwe olongolola kuti tsiku lochotsa anthu asavutike kusankha. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atatha kale, Chingerezi changa chinali cha Sitandade 5. Ndinkaima kumbuyo, maso pansi.

Koma chinalipo chimene ndinaona. Makina ositira anali ndi chimpukutu chachitsulo chotentha chimene chinkakoka nsalu. Batani lozimitsira linali kumbali, kuseri kwa ngolo, moti dzanja litakodwa sungalifikire. Ndinaona zimenezi mlungu woyamba womwe. Lachisanu lililonse mawu ankafika pakhosi, kenako ndinkamva mawu anga omwe a pakhonde paja akuti eni ake maso ali nawo. Ndinakhala chete miyezi isanu ndi iwiri.

Pamakinawo ndinkaima ndi mtsikana wa ku Zimbabwe, Rudo, amene ankandigawira buledi ndikamatha mwezi ndilibe kanthu. M'mawa wina ngodya ya nsalu inamukulunga chala n'kukokera dzanja mkati. Ndinathamanga, n'kugwa pa ngolo ija, n'kudzuka. Pamene ndimafika pabatani, zala zake ziwiri zinali zitapita.

Lachisanu lotsatira Denisi sanalembe kanthu. Anangofunsa ngati alipo amene anaonapo vutoli kale. Ndinakweza dzanja. Ndinalankhula ndi manja kuposa pakamwa, kumuonetsa pamene batani lili ndi pamene liyenera kukhala, pafupi ndi bondo la munthu.

"Unaona liti?" anandifunsa.

"Nditangofika."

Ndinkadikira kuti andilozere khomo. Koma iye anati, "Ndafunsa Lachisanu lililonse, koma iwe sindinakufunsepo pawekha. Pamenepo ndinalakwa ndine." Mlungu womwewo anaika chitsulo chachitali kutsogolo kwa makina, choti ukangochigunda ndi bondo makina aima. Dzina langa linalembedwa pabolodi. Sindinasangalale nalo. Rudo anabwerera kwawo, ndipo nditamutumizira uthenga wopepesa sanayankhe.

Kuyambira pamenepo ndinkanena chilichonse chimene ndaona, chachikulu kapena chaching'ono. Zina ankazitenga, zina ankandiuza chifukwa chake sizingatheke. Palibe tsiku limene ndinalangidwa. Ndikamabwerera kunyumba pa sitima ndinkaganiza kuti a Lyson akanakhala kuno, bwenzi dzina lawo lili pabolodi.

Ndinakhala kumeneko zaka zisanu. Tadala analemba mayeso a Fomu 4, sanakhoze bwino, ndipo anakhala pakhomo chaka chathunthu. Kenako mauthenga ake anayamba kufupika. Mng'ono wanga ndi amene anandiululira kuti mwana akugwira ntchito ya nyengo ku Kanengo, m'nyumba yosungiramo soya ndi mtedza. Nditamuimbira, Tadala anaseka. "Amayi, musadandaule, ine ndimangosoka matumba. Kungoti amawasanja mpaka kudenga, pena umawamva akulira okha."

Mwezi womwewo ndinatsanzika kwa Denisi.

Ku Chinsapo ndinapeza nyumba zamera pamene ndinasiya minda ya chimanga. Anthu ankandipatsa moni akuyang'ana zikwama. Tadala anali atatalika kundiposa, ndipo ankandilankhula mwaulemu ngati mlendo. Tsiku lachitatu ndinapita kukamudikira pageti la kuntchito kwake, ndipo pobwera tinakwera minibasi imodzi ndi anzake. Njira yonse nkhani inali ya ntchito. Mayi wina ankati matumba akanamawasanja mopingasa sakanamatsetsereka. Wina ankati malo osokera akanawachotsa pansi pa mulu n'kuwaika pafupi ndi khomo. Bambo wina anafotokoza bwinobwino mmene galimoto yonyamula ingamalowere osagunda ngodya. Aliyense anali ndi nzeru yake, ndipo zonse zinali zomveka. Titafika pasiteji anatsika, aliyense n'kupita nazo kwawo.

Madzulo ndinati, "Tadala, zimene mumanena m'minibasi zija ukawauze akapitawo."

"Kuno si ku Joni, amayi. Kuno safunsa."

"Ukanene ngakhale sanafunse."

"Ndiye chaka chamawa tidzadya mawu anuwo? Inu mwabwera dzana, simukudziwa mmene zinthu zilili."

Pamenepo ndinamuuza. Ndinamuuza kuti bambo ake anaona mulu uja usanagwe, kuti anali ndi njira yake, kuti ankafuna kukanena m'mawa mwake, ndipo amene anawatseka pakamwa ndi ine. Tadala anandiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa funso limodzi lokha: "Zaka zonsezi mumadziwa?" Ndinavomera. Anadzuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale.

Lolemba Tadala anakanena. Anandiuza pambuyo pake kuti kapitawo anamufunsa kuti wayamba liti ntchito kuti aziphunzitsa anthu, anzake onse ali chete, maso pa singano. Patatha milungu iwiri kunabwera lamulo lochokera kuofesi: matumba atsitsidwe, azisanjidwa mopingasa, osoka asamukire kukhomo. Palibe amene anatchula kuti nzeruyo inachokera kwa ndani.

Nyengo inatha. Chaka chino Tadala anakaima pageti masiku anayi. Anzake onse anatchulidwa, iye ayi.

Tsopano timagulitsa kaunjika pamsika ndi kandalama kamene ndinabwera nako. Pena amayi a kuntchito kuja amadutsa Loweruka, n'kuima ngati akusankha malaya. Amanong'ona kuti, "Mwana wanu anatithandiza, pano timasoka mtima uli pansi." Kenako amayamba kumufotokozera Tadala zina zimene aona: waya wamagetsi wosupuka pafupi ndi sikelo, makwerero othyoka phazi limodzi. Tsiku lina ndinawafunsa ngati anakanena. Mmodzi anaseka pang'ono. "Amayi, tikanene ife? Tione zimene waona mnzathuyu?"

Ndinkaganiza kuti kwathu kuno anthu sitilankhula chifukwa cha mantha obadwa nawo. Ndaona kuti si choncho. Timalankhula kwambiri, m'minibasi, pamsika, pakhonde, kwa aliyense amene sangasinthe kanthu. Nzeru ikafika kwa mwini ntchito amaitola, munthu wake n'kumusiya kunja kwa geti, ndipo otsalawo amaphunzirapo. Waya uja akadali pomwepo, ndipo ndikuwadziwa mayina a amayi amene amadutsa pambali pake tsiku lililonse.

Tadala amandilankhula za mitengo ya malaya ndi za makala, basi. Sindikudziwa chimene chimamupweteka kwambiri, za bambo ake kapena za ntchito, ndipo sindinamufunse. M'mawa timanyamula belo limodzi anthu awiri, iye kutsogolo, ine kumbuyo. Njira yonse ya kumsika ndimayenda ndikuyang'ana msana wake.