Duane Sakhala Pansi

Mlongo wanga Duane Rautio sadziwa kukhala pansi. Khofi amamwa choimirira. M'tchalitchi amasankha mpando wakukhomo, kumene kuli kamdima, ndipo ulaliki usanafike pakati amakhala atatuluka kale kukayang'ana galimoto. Ku mgodi wa chitsulo amayendetsa lole yaikulu, ndipo amati mpando wake ndi wokhawo umene amaupirira, chifukwa umagwedezeka wokha.

Sanabadwe choncho. Ali mnyamata ankasewera hoki, masewera a ndodo a pa ayezi, mu timu ya sukulu, ndipo tsiku lina anamenyetsa mutu pa matabwa ozungulira bwalo la ayezi. Anadzuka, anaseka, napitiriza kusewera. Mawa lake anaseweranso. Kuyambira pamenepo kuwala kumamulasa m'maso, ndipo chipewa amavula m'tchalitchi mokha.

Mwana wake Easton anaphunzira kutsetsereka pa ayezi kuseri kwa nyumba, kumene Duane amathira madzi nyengo yozizira iliyonse kuti aundane. Chaka chatha mnyamatayo anafika pa msinkhu woti matimu akuluakulu a hoki angamutenge pa chisankho chawo cha mu Juni. Anthu awo osaka osewera anayamba kufika kwathu kuno kumpoto kwa Minnesota, atavala majekete akuda, n'kumaima pakona osaombera m'manja aliyense. Duane ankawazungulira ngati galu amene wamva fungo la nyama.

"Achemwali, wamtali uja wafunsa ngati Easton amadya bwino," anandiuza tsiku lina m'khitchini mwanga. "Munthu safunsa za m'mimba mwa mwana wa eni popanda chifukwa."

"Mwina wangomumvera chisoni, miyendo ngati ndodo ija. Khala pansi udye."

"Khalani inuyo. Chakudya chimatsika bwino munthu ataima."

Chimene chinatsala chinali mpikisano wa masukulu wa mu Malichi, ku mzinda waukulu. Kumeneko ndi kumene a majekete akuda amasonkhana onse, ndipo mnyamata wa tauni yaing'ono ngati yathu akapanda kuoneka kumeneko, amamuiwala.

Loweruka lina chakumapeto kwa Febuluwale, mnyamata wa timu ina anamukankha Easton, mutu n'kugunda matabwa. Anadzuka, anaseka, ndipo masewera asanathe anagoletsa chigoli. Duane anamenya galasi lotchinga bwalo mpaka dzanja kufiira.

Chimwalirireni mwamuna wanga, m'tchalitchi ndimakhala kumbuyo kwa banja la Duane. Lamlungu limenelo dzuwa linawala pa chipale chofewa, n'kulowa pazenera. Tili pakati pa nyimbo yoyamba, Easton anatulutsa chipewa m'thumba n'kuchivala, kuchikokera mpaka m'maso. Amayi ake anamugunyuza kuti avule. Duane anangomuyang'ana. Tsiku limenelo anakhala pampando mpaka Amen womaliza, ndipo ine ndinachita mantha.

Potuluka, anamuimitsa mwanayo pafupi ndi galimoto. Ine ndinali pomwepo.

"Mutu ukupweteka?"

"Ayi adadi, tulo chabe."

"Vula chipewacho. Yang'ana uko kwayerako, osaphethira."

Easton anayesa. Misozi inatsika yokha.

"Adadi, mukauza akochi, dokotala andiletsa kusewera. Ndingomaliza mpikisano, kenako ndigona mwezi wathunthu mukafuna."

"Inenso ndinanena choncho."

"Inu panalibe amene ankabwera kudzakuonani."

Duane analowa m'galimoto.

Madzulo anabwera kwanga. Anayenda kuchokera pa chitofu kupita pazenera, kuchokera pazenera kubwerera pa chitofu, kapu ili m'manja.

"Achemwali, ndinene kapena ndisanene? Zaka zonsezi ndamuthirira madzi mwana ameneyu. Lero ndimutsekere chitseko ndine?"

"Ine ndipemphera. Kunena n'kwako."

"Mumapemphera pang'onopang'ono inu. Basi ya timu inyamuka musanamalize."

Anasiya khofi wosamaliza, napita kunyumba kwa akochi.

Dokotala anamuletsadi Easton. Timu inapita popanda iye. Juni atafika, tinasonkhana kwa Duane kuonera chisankho pa kanema. Matimu ankatchula anyamata mmodzimmodzi, ndipo amene watchulidwa ankakumbatira makolo ake. Easton anakhala pansi, pakapeti, foni ili pabondo. Duane anali panja, akutchetcha udzu umene anautchetcha kale dzulo lake. Phokoso la makinawo linkayandikira zenera, n'kutalikira, n'kuyandikiranso. Maina anatha. La Easton silinamveke.

Mnyamatayo sanakalipe. Anangosiya kulankhula ndi bambo ake. Kutayamba kuzizira anapita ku Iowa kukasewera mu timu ya achinyamata, chifukwa malamulo amalola wosiyidwa kuyembekezanso chisankho chotsatira. Amaimbira foni amayi ake, nthawi zina ine.

Tsopano ndi Febuluwale wina. Sabata yatha Easton anandifunsa pafoni kuti, "Azakhali, adadi athira madzi kuseri chaka chino?"

Ndinamuuza kuti athira, ngakhale palibe wotsetserekapo.

Iye anati, "Muwauze kuti dzuwa silikundivutanso."

Ndinamuuza Duane Lamlungu, pakhomo la tchalitchi. Anagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Nanga a majekete akuda akumabwera kumeneko?"

"Sananene."

Anavala chipewa chake, n'kupita kukayang'ana galimoto.