Odi wa Apongozi pa Mayeso a Anastazia

Mlamu wanga Anastazia ali ndi nthenda imodzi imene inatsala pang'ono kumudyera zaka zinayi za sukulu: sangamve odi osayankha. Ngakhale akhale m'bafa sopo ali m'maso, wina akangoti odi pabwalo, iye wavomera kale. Ine Felista, mlongo wa mwamuna wake Gideon, ndamukalipira za khalidweli mpaka kukhosi kuuma.

Anabadwira ku Ukwimi, kumene makolo ake anafikira pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, iwo nkutsala, nkukapeza munda kwa Mwape. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo ake anawanamizira kuba ng'ombe. Anagona m'chitokosi masabata awiri osadziwa kuti munthu amatha kupempha belo, mwanayo nkumawapititsira chakudya tsiku ndi tsiku. Ng'ombeyo inapezeka itafera m'dzenje, ndipo palibe anapepesa. Nkhaniyi saikamba kawirikawiri, koma ndi imene inamulowetsa m'zonsezi.

Atakwatiwa ndi Gideon, amene amayendetsa minibasi pakati pa Nyimba ndi Petauke, anabereka ana atatu, woyamba Tiwonge, nkupeza ntchito yogulitsa feteleza ndi mbewu m'sitolo ina pa Nyimba. Tonse tinkati basi, wakhazikika. Kenaka tinangomva kuti walembetsa digiri ya za upandu ndi kayendetsedwe ka milandu pa yunivesite ina imene sanaipondepo nkomwe, zonse za pa intaneti. Gideon anamupezera laputopu yakale yotentha ngati simbi yositira. Magetsi akathima, ankakaitchaja kwa ometa tsitsi.

Abale atamva kuti akuphunzira milandu, eee, zinavuta. Wobedwa nkhuku, wolimbirana malire a munda, wothawidwa ndi mkazi, onse ulendo kwa “a jaji”. Ndinkamuuza kuti awathamangitse. Iye ayi, buku pambali, mpando kwa mlendo, madzi akumwa. Mmene anapambanira makalasi onsewo, Mulungu yekha akudziwa.

Anatsala ndi mayeso amodzi omaliza, a maola atatu. Malamulo ake anali awa: kamera ya pa laputopu izikuona nkhope nthawi yonse, usalankhule ndi aliyense, m'chipindamo musaoneke munthu wina. Ukaphwanya, mayeso afafanizidwa. Mwayi amapereka katatu kokha.

Koyamba analembera m'sitolo, tsiku Lamulungu, chitseko chili chotseka. Mlimi wina anaona njinga yake panja nkuti odi. Anastazia, maso ali pa mayeso, anangoti, “Tatseka, bambo, bwelani mailo Lolemba!” Mwayi woyamba unathera pomwepo.

Kachiwiri analembera kunyumba, atamata chipepala pachitseko. Koma kwathu kuno chitseko chotseka masana dzuwa likuswa mtengo chimatanthauza kuti muli wodwala. Amayi Happiness, oyandikana nawo nyumba, anaitana anzawo a kutchalitchi kuti akazonde. Anati odi, ndipo mlamu wanga, wophunzira wa chaka chachinayi, anati, “Lowani!” Analowa amayi asanu ndi mmodzi. Wina mpaka anaibayibitsa kamera.

Anastazia atandiimbira foni akulira, ndinapsa mtima moti ndinasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada. Tsiku la mwayi wachitatu ndinatseka shopu yanga ya utelala ku Petauke, nkukwera basi ya mbandakucha. Ana tinawatumiza kwa anansi. Ine ndinakhala pampando pakhomo, tsache lili m'manja.

“Mulamu,” ndinamuuza, “olo nyumba ipse, ndine nizazima. Iwe kamwa tseka.”

Ola loyamba ndinabweza wogulitsa tomato ndi mnyamata wa mlandu wa nkhumba. Ndinayamba kudzitama. Kenaka ndinaona nkhalamba ya jekete lakuda ikubwera kuchokera kumsewu, chingwe chili m'manja. Anali atate anga, a Jethro Daka, apongozi ake a Anastazia, kuchokera kwa Nyampande osauza munthu.

“Atate, khalani apa pamthunzi. Mulamu alemba mayeso.”

“Nifuna amake Tiwonge. Mbuzi yanga anaba mailo usiku, chasala ni chingwe chabe.”

“Sangakambe manje. Kompyuta iwayang'ana.”

“Kompyutayo ndiye inabala mwamuna wake?”

Anandilambalala ngati chitsa. Kholo lako sungalikwapule ndi tsache, ngakhale tsiku limenelo ndinaganizako. Anaima pachitseko nkuti, “Odi!”

Zii. Anabwereza. Zii. Kachitatu anakweza mawu: “Odi kuno, apongozi!”

Kwathu mkamwana akamva mawu a apongozi ake aamuna, sakhala pampando. Amatsika, nkugwada, nkuyankha ali pansi. Anastazia sanaphonyepo zimenezi pa zaka khumi ndi zitatu za ukwati. Ndiye nditamva mpando ukukhwekhwereza m'nyumbamo, ndinatchera khutu. Ndinadikira “lowani” uja. Sanabwere.

Atate anagwedeza mutu. “Sukulu yamukweza. Pano sinizapondapo futi.” Anatembenuka kuti azipita, koma podutsa pawindo la m'mbali anasuzumira, nkuima chilili. Nanenso ndinasuzumira.

Anastazia anali atagwada pasimenti. Anatsetsereka pampando mosamala kuti nkhope isachoke pa kamera, chibwano chili pang'ono pamwamba pa tebulo, manja atakwezeka, zala zikugogoda. Mlomo anauluma, misozi ikutsikira m'khosi. Maso sanawachotse pa mayeso.

Ndinawakokera atate kumbali nkuwanong'oneza. “Akakamba liu limodzi chabe, zaka zinayi zapita. Uyu ndiye mwayi wotsiliza.”

“Kwasala nthawi bwanji?”

“Maola awili.”

“Manje azagwada mpaka liti?”

“Mpaka akuyankheni. Simumudziwa?”

Anafuna kufuula kuti adzuke, ine nkuwaletsa, poopa kuti a yunivesite angati wina akumuuzira mayankho. Ndinawapatsa mpando wanga. Anaukana. Anavula chipewa nkukhala pansi pafumbi, pafupi ndi chitseko, chingwe chili pamaondo. Ndinawachonderera kuti msana wawo ndi wovuta, iwo osandiyang'ana nkomwe. Wina wagwada mkati, wina wakhala pafumbi panja, ine pakati ndi mpando wopanda munthu. Anthu ouma mitu chonchi sindinawaonepo, ndipo ndinalira ndi ukali womwe.

A Simon akatekisiti atatulukira ndi njinga, kamwa atayasamula kale kuti ati odi, atate anawaloza ndi chala nkuwaonetsa msewu. Anabwerera osatsika panjinga.

Digiriyo anaipeza. Zotsatira zinabwera patatha mwezi, ndipo lero amagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu osungidwa m'zitokosi kupempha belo. Odi amayankhabe asanamve kuti ndani, ndipo ine ndinatopa, ndinasiya kukalipa. Koma chimene chimandibwerera ndi masana aja, mayeso atatha.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Anastazia anatuluka chokwawa, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi, maondo atatupa. Anafika pakhomo, nkuwomba m'manja mwaulemu, nkunena ndi mawu osasa:

“Lowani, atate.”

Atate anapukuta kumaso ndi chipewa. Anapinda chingwe cha mbuzi chija, nkuchibisa m'thumba la jekete, ndipo analowa.