Chitenje cha Amayi pa Chidole cha ku Katete

Chitenjecho ndikadali nacho. Ndi chobiriwira, cha maluwa achikasu amene anasuluka kalekale, ndipo pakona imodzi chili ndi kabowo ka msomali. Ndikachitulutsa m'sutikesi, ana anga amati ndichitaye. Ndimangochipindanso, chifukwa kufotokoza kumatopetsa.

Inali nyengo yogulitsa thonje, miyezi yozizira ija imene milomo imang'ambika ndipo fumbi limalowa mpaka m'mano. Ndinali mu giredi faivi. M'mawa uliwonse ndinkachoka kumudzi kwathu wapansi, n'kudutsa pakati pa mashopu a ku Katete popita kusukulu. Chaka chimenecho munthu wina anatsegula shopu ya zovala za amuna, yokhala ndi zenera lalikulu lagalasi. Ankadziwa kuti alimi akalandira za thonje amafuna jekete.

Pazenerapo anaikapo zidole ziwiri zazikulu ngati anthu. Chachimuna chinaimirira, chitavala suti ndi tayi. Chachikazi anachigwaditsa pansi, chitanyamula nsapato, ndipo pathupi pake panalibe kanthu kupatula tinsalu tiwiri tosakwana n'kupukutira m'mphuno. Pakatoni analembapo ndi makala kuti, "Vala bwino, akazi azikugwadira."

Ndisaname, ine chidole chachikazicho ndinkachikonda. Chinali ndi tsitsi lalitali lonyezimira, ndipo fumbi silinkachikhudza. Ine miyendo inali mbuu, zidendene zong'ambika, pamene icho chinkakhala kuseri kwa galasi tsiku lonse osatumidwa kumadzi. Ndinkaima n'kumachiyang'ana mpaka mpweya wanga utachita nkhungu pagalasipo.

Pakhonde la shopuyo pankakhala amuna, ena a njinga zonyamula anthu, ena ongodikira dzuwa. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, nawonso sankasowapo. Chidolecho anachipatsa dzina loti mlamu, ndipo mkazi aliyense akamadutsa ankamuyerekeza nacho mokweza. Tsiku lina mmodzi wa iwo, bambo wa imvi ndithu, anandiona nditaima pamenepo. Anati, "Kula msanga iwe, uzalowe m'malo mwake." Onse anaseka, nanenso ndinaseka.

Madzulo ake tikusenda mtedza ndinawauza amayi mawuwo monyadira. Manja awo anaima. Anandifunsa ngati amalume analipo, ndinati analipo.

Amayi sanali munthu wa phokoso. Anayamba ndi njira zaulemu, zimene lero ndimazidziwa bwino kuti zimathera pati. Anapita kwa aphunzitsi aakulu, amene anavomereza kuti ana ambiri amadutsa pamenepo, n'kulonjeza kulemba kalata. Anakauza amayi anzawo a kumpingo, ndipo onse anagwira pakamwa, koma Lachisanu limene anapangana kupita kushopuko aliyense anali ndi thonje loti atole. Amalume anabwera kunyumba kudzawauza kuti asatichititse manyazi, nkhani za m'tauni si za munthu wa kumudzi.

Loweruka amayi ananditenga. Analowa m'shopumo, anapereka moni mwaulemu wonse, n'kupempha mwini wake kuti achiveke chidolecho kapena achichotse pamaso pa ana. Iye anali mnyamata wonenepa, wonunkhira mafuta. Anaseka n'kunena kuti, "Amayi, ni pulasitiki chabe iyi."

"Amene akuyang'anawo si pulasitiki," anatero amayi.

Kwathu mkazi akagwa pamsewu nsalu n'kumuvuka, kapena akazungulira mutu n'kuvula, mkazi mnzake safunsa kuti ndi wa kwa yani. Amamasula chitenje chake n'kumufunditsa. Amayi anachita zomwezo. Anamasula chitenje chobiriwiracho, chimene ankapita nacho kutchalitchi, anakwera pazenera n'kuchimangira chidolecho kuyambira m'khwapa mpaka pansi, n'kumanga mfundo yolimba.

Tinabwerera kumudzi amayi ali ndi diresi lokha, lakale, lachigamba kumbuyo. Sindinawaonepo akuyenda pagulu chotero. Ndinkayenda patali nawo, nditayang'ana pansi, kuti anthu asadziwe kuti ndi amayi anga. Zimenezi zimandipwetekabe.

Lolemba ndinapeza anthu atadzaza pakhondepo. Chitenje chija anali atachimasula n'kuchimanga kumutu kwa chidolecho ngati duku wa amayi a kumpingo, thupi lili pamtunda ngati kale. Kuti chisagwe anachikhomera ndi msomali. Amuna aja ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Amalume sanaseke, koma sanachokepo.

Amayi anakatenga chitenjecho okha tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo anandiletsa kudutsa kumashopu. Ndinkazungulira kuseri kwa msika, kudutsa padambo, ndipo ndinkafika mochedwa. Aphunzitsi aakulu omwe aja, amene kalata yawo sinalembedwe, ankandipatsa chilango chosesa bwalo. Ndinawakwiyira amayi nyengo yonseyo. Chidolecho chinagwadabe pomwepo mpaka mvula yoyamba, pamene ndalama za thonje zinatha ndipo shopuyo inayamba kugulitsa feteleza.

Lero ndine mphunzitsi ku Sinda. Ndalowapo m'mashopu angapo kukapempha zomwezo, ndipo yankho silinasinthe kwenikweni. Ena amandiuza kuti ana amaona zoposa pamenepo pafoni. N'zoona, ndipo masiku ena ndimangodutsa, nditatopa, maso ndili kumbali.

Koma pa nthawiyo ndinkaganiza kuti amayi achita nsanje ndi chidole, ndiponso kuti ataya ulemu wawo chifukwa cha chinthu chosamva kuzizira. Usiku wa Lolemba lija anachapa chitenjecho, chitauma pamoto anandifunditsa ine, ngakhale ndinali ndi bulangete langa. Ndinachikankhira kumiyendo. Ndinali ndikuganizabe za bambo wa imvi uja, amene ndinkati anandiuza kuti ndine wokongola.