Mapeto a buku anakwera sitima

Ine sukulu yanga ndi ya kwacha, ya pansi pa mtengo wa mango, yomwe azimayi tinkapita tikaweruka kumunda. Dzina langa ndimalemba, nyimbo za m'buku la kutchalitchi ndimawerenga pang'onopang'ono, koma Chingerezi iyayi, chimandidutsa ngati sitima ya katundu, phokoso ndimalimva, za m'kati sindiziona. Komabe ndimayenda ndikuyimba ine, chifukwa m'buku la Chingerezi la ana a folomu folo muli dzanja langa.

Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ndekha, mayi ake atapita ku Joni. Chaka chake chomaliza ku sekondale anamusankha kulowa kalasi ya litirecha, yowerenga nkhani zitalizitali za Chingerezi. Sankalowamo aliyense, aphunzitsi ankachita kusankha ana akuthwa m'mutu. Koma buku linali limodzi pa ana asanu, lokalamba, chikuto chinatha kalekale, ulusi unaduka, linagawika lokha zigawo zisanu. Ndiye aliyense ankatenga chigawo chake kupita nacho kunyumba, Lolemba n'kusinthana.

Ntchito yanga ndi mandasi pa Nkaya. Tsiku la sitima ya anthu ndimakanda, ndimakazinga, beseni pamutu, liwiro m'mbali mwa mabogi, mkono m'mwamba kupereka pawindo. Zokulungira ndinkadalira makope akale amene mdzukuluyo ankandisiyira pawindo la kuchipinda. Tsiku lina ndinapezapo kamulu ka mapepala achikasu, opindika m'mphepete, opanda chikuto. Ndinati mwana wandiganizira. Tsamba limodzi mandasi awiri, tsamba limodzi mandasi awiri, mpaka masamba khumi ndi awiri onse anakwera sitima kulowera ku Nayuchi.

Mwanayo atabwera kuchokera kusukulu anayang'ana pawindo, anayang'ana pansi pa mphasa.

"Anganga, mapepala anali apa mwawaona?"

"Atha, mwanawe. Anali abwino, osadontha mafuta."

Anakhala pansi yunifolomu ili m'thupi. Sanalire. Anangoti, "Anali mapeto a buku. Anzanga anayi sanawerenge."

Mawa lake anabwera ndi mawu a aphunzitsi: chigawocho chibwerere pasanathe masabata awiri, apo ayi atuluke m'kalasimo. Anzake anali atamupatsa kale dzina, akuti mayi mandasi. Kunyumba anasiya kundiyankhula. Madzi ankatunga, mbale ankatsuka, koma pakamwa anatseka.

Ndinavala chitenje chabwino kukaonana ndi aphunzitsiwo. Anandilandira mwaulemu, koma sanasunthe. Anati ana anayi sangakalowe mayeso osadziwa kuti nkhani inatha bwanji, ndipo bukulo m'mashopu a ku Balaka simulipeza. Ndikutuluka anandiitananso n'kundiuza kuti ku Liwonde kuli aphunzitsi ena opuma ntchito amene ali nalo, koma ndi ouma mtima pa mabuku awo.

Ndinakwera minibasi osamuuza mwana cholinga changa, ndinangoti ndikukaona mng'ono wanga amene amakhala kufupi ndi mlatho. Aphunzitsi opumawo ndinawapeza pakhonde, mkanjo woyera, magalasi pamphuno.

"Amayi, buku likatuluka pageti langa silibwerera. Amene ndinabwereketsa, lero akukulungira usipa kumsika."

"Ine ndinakulungira mandasi, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinawapempha kuti tipite limodzi kumakina ojambula mapepala, anakana, akuti makinawo amathyola msana wa buku. Foni yanga ndi ya mabatani, sijambula. Iwo anati mwana abwere adzakopere pakhonde pomwepo.

"Mwana akajomba atsalira pa zina. Wong'amba ndine, wosoka ndikhalenso ine."

"Mumadziwa Chingerezi?"

"Iyayi. Koma zilembo ndimazidziwa nkhope."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku, tebulo laling'ono ndi pensulo. Ananditsegulira poyambira, n'kuika kamwala patsamba kuti mphepo isatembenuze.

Masiku asanu ndinakhala pakhonde lija. Kulima ndalima, mitolo ya nkhuni ndasenza, koma kutopa kwa pensulo n'kwina. Chala cha kumanzere pachilembo, dzanja lamanja likujambula, maso uku, maso uko. Ukangophethira, wasochera. Dzuwa la ku Liwonde nalo silikhululuka, thukuta kudonthera pakope, pepala kufewa. Msana unkayaka, khosi linauma, chala chapakati chinatuluka thuza, thuza linaphulika, ndinamanga kansanza n'kupitiriza. Tsiku la sitima linadutsa ndili pomwepo, beseni langa lili chivundikire ku Nkaya. Kuti ndisagone ndinkayimba chapansipansi, ndikuitana zilembo monga zimaonekera: kamimba kutsogolo, kamimba kumbuyo, kandodo, kambedza, kamimba kutsogolo.

Aphunzitsi opumawo akachoka kumzikiti masana ankatenga kope langa n'kumafananiza ndi buku.

"Mwadumpha mzere, amayi."

"Umodzi wokhawo, bambo?"

"Mumzere umenewo ndi momwe munthu akupepesa kwa m'bale wake. Mukufuna afe osapepesa?"

Tsamba lonse kuyambiranso. Ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukasamba m'maso, ndinakhala pamwala, ndinati Ambuye, mandasi makumi awiri ndi anayi andizunza chonchi. Kenaka ndinabwerera.

Panali mawu amodzi oyamba ndi chilembo chachikulu amene ankabwerabwera, tsamba lililonse kasanu, kasanu ndi kawiri. Dzanja linawazolowera, linkawalemba lokha osayang'ana. Ndinadziwa kuti ndi dzina la munthu, ndipo ndikakumana nalo mtima unkapuma ngati ndaona mnansi pamsika wachilendo. Tsiku lachinayi ndinalemba tsamba lathunthu osakumana nalo. Tsiku lotsatira, osakumana nalonso.

"Bambo, munthu uyu wapita kuti?"

Anasuzumira. "Anamwalira dzulo masana. Munamulemba nokha."

Ndinaika pensulo pansi. Munthu ndayenda naye masiku anayi, wamwalira m'manja mwanga ine osadziwa, ndikuyimba za kamimba ndi kandodo.

"Anali munthu wabwino?"

"Limenelo ndi funso lomwe adzukulu anu akayankhe pamayeso."

Masamba khumi ndi awiri a m'buku, m'zilembo zanga zikuluzikulu anakhala makumi atatu ndi limodzi. Ndinawasoka ndi ulusi wa matumba, n'kuwakulunga m'pulasitiki, n'kuwamanga m'chiuno ngati ndalama za maliro. M'minibasi ndinagona mpaka kondakitala anachita kundigwedeza.

Mwana ndinamupeza akusesa pabwalo. Ndinamupatsa masambawo. Anatsamiritsa tsache, anatsegula, anawerenga ataimirira, tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anayang'ana kansanza ka pachala changa.

"Anganga, zilembo zanu ngati papalasa nkhuku."

"Zikuwerengeka?"

"Zikuwerengeka."

"Nanga munthu uja anali wabwino?"

"Uti?"

Ndinamuloza dzina lija. Anakhala pansi pambali panga n'kuyamba kundifotokozera kuchokera pachiyambi, koma ine tulo tinanditenga asanafike pakati, ndipo mpaka lero yankho sindikulidziwa.

Lolemba mwana anapita ndi masambawo kusukulu. Aphunzitsi anawerenga tsamba ndi tsamba, anakonza mawu atatu ndi bolopeni yofiira, n'kupereka kwa mwana amene inali nthawi yake yolandira mapeto. Mdzukulu wanga anakhalabe m'kalasimo mpaka mayeso.

Chala chija chimandiwawabe nyengo yozizira, ndipo pepala lililonse ndisanakulungire ndimayamba ndafunsa wodutsa kuti andiwerengere. Bukulo akuti likadayendabe pakati pa ana, zigawo zinayi zosindikiza, chachisanu cha pensulo. Ana a chaka chino akamagula mandasi amandidandaulira kuti chigawo cha anganga chimapweteka maso. Ine ndimawauza kuti awerenge msanga asinthane, mnzawo akudikira.