Mizu ya kuseri kwa zikhomo zofiira

Ndikukumbukira dzinja loyamba titabwerako ku Malawi kothawa nkhondo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinamanga chisakasa m'mbali mwa msewu wa ku Insaca, chifukwa bwinja lathu linali kuseri kwa zikhomo zopaka utoto wofiira. Kumeneko kunali mabomba okwirira pansi, ndipo mbuzi ya anansi athu inali itafera komweko.

Mng'ono wanga Rozinya anali ndi miyezi iwiri, ndipo kuliratu ankalira mwana ameneyo. Dzuwa likangopendeka kamimba kankauma gwa, timiyendo n'kupinda, thukuta kamukamu. Ku Malawi amayi ankagula kabotolo ka madzi otsekemera a makanda, koma kuno ngakhale mchere unkasowa. Anayesa madzi ofunda, anamumanga kachingwe m'chiuno, osathandiza.

Chimene chinkawaopsa tonse tinkachidziwa, kungoti panalibe wochitchula. Mlongo wanga Juliyo, amene tinamusiya m'manda ku Malawi, nayenso anayamba ndi kulira.

Tsiku lina masana, abambo atapita ku Entre Lagos, amayi anandipatsa mwana n'kutenga khasu. Anati kuseri kwa khola lakale kuli kamtengo kamene mizu yake anandimwetsa ine ndili khanda, ndipo njira akuidziwa. Ndinawakumbutsa za mbuzi ija.

"Mmodzi ndinamuika kale m'dothi la eni. Uyu ayi," anatero, n'kumapita.

Mantha a tsiku limenelo sindinawamvenso. Rozinya akulira, ine ndikulira, mpaka manja analema. Ndinakhala pamtondo n'kumugoneka chafufumimba pamaondo, ndikumusisita kumsana. Sizinali nzeru ayi, kunali kutopa chabe. Posakhalitsa mwana anaphwisa. Abale inu, kamunthu kochepa ngati chinangwa, koma nkhuku zinabalalika. Anageya, n'kukhala chete.

Ndinathamanga naye osabereka n'komwe. Amayi ndinawaona atapitirira kale zikhomo, udzu ukuwalekeza m'chiuno.

"Amayi, imani! Waphwisa, watonthola!"

Anaima n'kutchera khutu. Kenaka anabwerera chafutambuyo, akuponda momwe anaponda popita, phazi limodzilimodzi. Atafika pamsewu anakhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Patapita miyezi, ochotsa mabomba anafukula awiri panjira ya kukhola ija. Amayi sanafune kuimva nkhaniyo.

Lero pabwinja paja timalimapo chimanga, ndipo Rozinya ndi mayi wa ana atatu. Ku farimasiya, sitolo ya mankhwala, kuli timabotolo ta madontho ndi timibulu toyera ta m'mimba mwa makanda. Ena amati timathandiza, ena amati ndi shuga chabe. Mwana wanga amagula, ine sindimutsutsa, ndimangoti khanda likatentha thupi asachedwe kuchipatala. Koma mdzukulu akayamba kupinda timiyendo, ndimamugoneka pamaondo panga. Akaphwisa, nyumba yonse imaseka. Ine ndimasekako pang'ono, koma m'maso mwanga mumabwera amayi ataima mu udzu uja, khasu lili m'manja.